Galimoto yozimitsira moto ya Mzuzu: pomwe tafika

Kumapeto kwa Epulo

Pa msonkhano wa Loweruka anandisankha kuti ndizilemba mmene ntchito yathu yobweretsa galimoto yozimitsira moto ku Mzuzu kuchokera ku Britain ikuyendera, kuti aliyense amene waponyapo kangachepe azidziwa pomwe ndalama yake yafika. Ine ndine makaniko wa magalimoto a dizilo ku Luwinga, ndiye za injini ndi pampu ndizizifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse.

Achemwali athu ena a ku Chibavi, amene akugwira ntchito ya unamwino ku Britain, anaona chidziwitso chakuti nthambi yozimitsa moto ya mzinda umene akukhala ikupumitsa magalimoto angapo. Kumeneko kawirikawiri galimoto ya moto ikagwira ntchito zaka 12 mpaka 15 amaichotsa, ngakhale ikuyenda bwinobwino, poti ndalama yogulira yatsopano imakhala itakonzedwa kale. Ena amawagulitsa pa okushoni, ena amawapereka kwa magulu amene apempha ndi kusonyeza kuti akawagwiritsa ntchito yomweyo yozimitsa moto. Dzina la mzindawo sindilemba mpaka mapepala atasainidwa, anatipempha choncho eni ake.

M'gulu mwathu muli amalonda a mumsika waukulu ndi a ku Zigwagwa, amakaniko, aphunzitsi, abusa, komanso adada ena amene anagwira ntchito yozimitsa moto mpaka kupuma. Chimene chatisonkhanitsa aliyense akuchidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mumzinda uno, ndipo woona mmene nyumba zafalikira ku Nkhorongo, Lupaso, Sonda ndi Msongwe sangakayike kuti chiwerengerocho tinachidutsa kale. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuni inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Za moto wa m'misika sindikumbutsa, ena mwa inu mudakabweza ngongole za katundu amene anapsa. Ndipo moto ukabuka ku Ekwendeni kapena m'njira ya ku Nkhata Bay, maso a anthu amayang'ana ku Mzuzu konkuno.

Sitikulimbana ndi ozimitsa moto athu. Tikufuna kuwawonjezera chida m'manja.

Pakati pa Meyi

Mndandanda wabwera, pamodzi ndi zithunzi. Magalimoto amene tingapemphepo ndi atatu, ndipo msonkhano wosankha unali wotentha kuposa yonse imene takhala nayo.

Yoyamba ndi ija ya makwerero aatali oyendera mafuta, amene amatukula munthu m'kabokosi kufika pamwamba pa nyumba zosanja. Chithunzi chake chitangozungulira pa foni, theka la anthu linali litasankha kale. Yachiwiri ndi yatsopanoko, yonyezimira, ya injini yamakono yofuna AdBlue, madzi apadera ochepetsa utsi woipa wa dizilo. Yachitatu ndi Scania 94D yakale kuposa zinzakezo, utoto wake wofiira utayamba kufwifwa, ya thanki ya malita 1,800, pampu kumbuyo ndi makwerero wamba padenga.

Ine ndinaimira yachitatuyo, ndipo zifukwa zake ndizilemba pano kuti amene sanabwere amve.

Ya makwerero aatali, kawirikawiri sinyamula madzi. Ntchito yake ndi kukweza anthu ndi payipi, madziwo imadalira galimoto ina kapena mpope wamphamvu. Isanatukule makwerero imatambasula miyendo yachitsulo mbali zonse, ndipo miyendoyo imafuna malo otakata, olimba ndi osapendekeka. Ganizirani dothi la ku Masasa mwezi wa Malichi. Kuwonjezera apo makwerero otere amayenera kupimidwa ndi akatswiri nthawi ndi nthawi, chifukwa pamwambapo pamakhala moyo wa munthu. Nyumba zazitali mu Mzuzu ndi zowerengeka, monga ya Reserve Bank, pomwe zimene zimapsa kawirikawiri ndi mabenchi a mumsika, magolosale, nyumba za lendi ndi mosungira matabwa. Makwerero a mamita 13.5 amene ali padenga pa Scania ija akukwanira pa nyumba zambiri za m'tauni mwathu.

Yachiwiri ija ndi galimoto yabwino, sindikuinyoza. Vuto ndi lakuti injini zoterezi zimafuna dizilo woyera kwambiri, AdBlue wosasowa, ndi masensa ambirimbiri amene limodzi likafa nyali zimayaka pa dashibodi, ndipo popanda kompyuta yake yeniyeni sungadziwe chavuta n'chiyani. Galimoto ya katundu ikaima sabata ziwiri kudikira munthu wa kompyuta kuchokera ku Lilongwe, mwini wake amataya ndalama. Ya moto ikaima choncho, nyumba ya munthu imatha.

Scania yakale ija m'bale wake timamuona tsiku ndi tsiku pa M1. Magalimoto a mtundu umenewo ayenda njira ya Dar es Salaam zaka zambiri, masipeya ake amapezeka ku Mbeya ndi ku Dar, ena ngakhale konkuno, ndipo anyamata a m'magalaja a ku Luwinga anaphunzirira ntchito pa injini zimenezo. Chiwongolero chili kumanja monga magalimoto a pamsewu wathu, poti Britain ndi ife timayenda mbali imodzi.

Abambo ena a ku Katoto anaimirira n'kunena kuti, "A makaniko, wa pa kaliyala sayimba belu. Akutipatsa ulere, ife n'kumasankhanso?" Anthu anaseka, koma funsolo linali loona mtima ndipo liyenera yankho loona mtima. Galimotoyo ndi yaulere pa geti ya siteshoni yawo basi. Kuchoka pa getipo kufika ku Mzuzu, ndi zaka zonse zimene idzakhale kuno, ndalama ndi yathu. Tikalandira chinthu chimene sitingathe kuchisamala, chidzaima pa mawe kuseri kwa mpanda, ana azidzaseweramo, ndipo tsiku lina tikadzapemphanso kwina adzatifunsa kuti ija tinakupatsani ili kuti. Adada athu opuma aja anangowonjezera mawu ochepa: "Ine ndinazimitsapo moto ndi madzi, sindinazimitsepo ndi utoto." Tinavota, Scania inapambana, ngakhale si onse anatuluka okondwa.

Kumayambiriro kwa Juni

Taipima galimoto, ine ndili ku Luwinga, iyo ili ku Britain. Alamu athu, amuna awo a achemwali aja, anapempha tsiku kuntchito n'kupita kumene magalimotowo akusungidwa, ndipo makaniko wa kumeneko anawalandira bwino. Tinalumikizana pa vidiyo ya WhatsApp. Netiweki inkadukaduka, koma zofunika tinaziona.

Choyamba ndinawapempha kuti agone chagada pansi pa galimoto, tochi ya foni ili yoyaka, kahamala kali kumanja. Kumeneko nyengo yachisanu amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chasisi mwakachetechete, pamwamba pakuoneka bwino. Alamu ankagogoda chitsulo pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo, ine khutu lili pa foni. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu, n'kumayoyoka timakoko. Chasisi yonse inalira bwino. Pamene panayoyoka ndi pa zogwirira thanki ya mpweya wa mabuleki ndi pa sitepe yakumanzere, ndipo zimenezo owotcherera athu angazikonze tsiku limodzi. Mapaipi a mabuleki awiri achita dzimbiri, tidzasintha isanalowe mumsewu wautali.

Chachiwiri, makilomita. Ambiri mwaona chithunzi cha dashibodi n'kusangalala kuti yayenda pang'ono. Zoona, koma galimoto ya moto siikalamba ndi makilomita okha. Imadzutsidwa injini ili yozizira n'kuthamangitsidwa nthawi yomweyo, kenako imaima malo amodzi maola ambiri injini ikupukusa pampu. Choncho ndinapempha buku la sevisi ndi chiwerengero cha maola a pampu. Bukulo ndi lodzaza, tsamba ndi tsamba, oilo ndi mafyuluta ankasintha pa nthawi yake. Chimenechi chinandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse.

Chachitatu, pampu yeniyeniyo, ya mtundu wa Godiva. Makaniko uja anatseka pakamwa pokokera madzi ndi chivindikiro chake, n'kuyatsa kapampu kochotsa mpweya. Alamu analozetsa foni pa geji. Singano inatsika msangamsanga kufika cha pa 0.8 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya), ndipo atazimitsa inakhala pomwepo, osabwerera. Tanthauzo lake n'lakuti malabala ndi mavalavu sakulowetsa mpweya, pampuyo ikhoza kukoka madzi mumtsinje kapena padamu. Ikadakhala kuti singano ikubwerera msanga, bwenzi tili ndi galimoto yodalira thanki yake yokha, ndipo m'munsimu muona chifukwa chake zimenezo sizingatithandize.

Matayala ali ndi mapazi ambiri koma ndi akale. Chaka chimene tayala linapangidwa chimalembedwa m'mbali mwake, ndipo akutsogolo awiri aja apitirira msinkhu. Ndawaika pa mndandanda wa zogula.

Kumapeto kwa Juni

Kukuzizira kwambiri masiku ano, kamvula kowaza m'mawa uliwonse, komabe tayenda. Adada opuma aja ananena kuti tisanakambe za sitima tiyambe taona madzi, ndipo anatitsogolera wapansi kuyambira m'tauni.

Masamu ake ndi awa. Thanki ndi ya malita 1,800. Payipi imodzi yaikulu ikatsegulidwa bwino imatulutsa malita cha m'ma 450 pa mphindi. Ndiye kuti pakatha mphindi zinayi thanki yauma. Anthu akaona galimoto ya moto yafika, yapopa pang'ono, kenako yanyamuka, amakwiya, ena mpaka kugenda, amvekere abwera opanda madzi. Sikuti imabwera yopanda madzi. Madzi amene galimoto iliyonse yotere inganyamule ndi oyambira chabe, otchingira moto kuti usalumphire nyumba ina pamene anzawo akulumikiza ku mpope kapena kumtsinje. Kumene ikuchokera Scania yathu, mipope ya ozimitsa moto ili pafupipafupi m'misewu, n'chifukwa chake thanki yaing'ono imawakwanira. Kuno tiyenera kuganiza mosiyana.

Mipope ya m'tauni adada akuidziwa pamtima. Amaima penapake, n'kuloza pansi ndi ndodo, "Kumbani apa." Pamalo ena tinakumba ndi khasu pafupifupi chikhatho chonse cha dothi ndi zinyalala tisanamve chitsulo cha chivindikiro. Pena tinapeza munthu anamangapo benchi ya tomato, mwendo wa benchi uli pachivindikiro penipeni. Mayi wake sankadziwa n'komwe chimene chili pansi pa benchi yawo, ndipo titawafotokozera anaisuntha okha tisanachoke. Pena chivindikiro chinabedwa ndi ogula zitsulo, dzenje n'kudzaza mchenga ndi mabotolo. Zimenezi ndi zochita zathu ife eni mzinda, ndipo kuzikonza sikufuna ndalama yakunja. Achinyamata a mpingo wina adzipereka kufukula ndi kupaka utoto wachikasu pamalo ponse pamene tapeza, akalandira chilolezo kwa eni mipopeyo.

Kumadera kumene kulibe mipope yotere, chiyembekezo ndi Lunyangwa ndi timitsinje tothiramo, madambo ndi zitsime. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Pampu siikoka madzi ndi mphamvu yake yokha, imachotsa mpweya m'payipi ndipo mpweya wakunja ndi umene umakankhira madziwo m'mwamba. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya ndi wopepukirapo. Pampu imene kwawoko imakweza madzi mamita 7 kapena 8 kuchokera pansi, kuno itaya pafupifupi mita ndi theka. Ndiye malo oimikapo galimoto m'mbali mwa mtsinje ayenera kukhala otsika, pafupi ndi madzi, ndiponso olimba moti matani oposa 12 osatitimira. Malo otere tapeza ochepa. Chifukwa cha ichi, m'kalata yathu tawonjezera pempho la kapampu konyamula pamanja, ka injini yakeyake, kamene anthu anayi angatsike nako kumtsinje n'kumatumiza madzi ku galimoto ili kumtunda. Kwa ine kapampu kameneka n'kofunika pafupifupi mofanana ndi galimoto yeniyeniyo.

Tayezanso milomo ya mapayipi. A ku Britain amalumikiza ndi mtundu wotchedwa instantaneous, a ku Germany ndi Storz, a ku Japan ndi Machino, ndipo mitunduyi siigwirana popanda cholumikizira chapakati. Mzinda umene umalandira zida kuchokera kumayiko osiyanasiyana umatha kukhala ndi magalimoto awiri pamoto umodzi amene sangapatsane madzi. Miyeso tatumiza kwa alamu, ndipo tapempha zolumikizira zapakati zingapo kuti zibwere m'kabati momwemo.

Julayi

Ntchito ya mwezi uno inali yophweka kuifotokoza. Tinadula nsungwi ya mamita atatu, kutengera mulifupi mwa galimoto, momwe ndi pafupifupi mamita awiri ndi theka, kuphatikizapo magalasi ndi kampata pang'ono. Anyamata awiri ankainyamula chopingasa, wina uku wina uku, n'kumayenda m'tinjira ta ku Mchengautuwa, Chiputula, Zolozolo ndi Masasa. Pomwe nsungwi yakana, tinkalemba.

Inakana malo ambiri. Mipanda ya njerwa inadya msewu, ngalande zinakumbika ndi mvula, timilatho tina n'tamatabwa toyenera njinga za kabaza. Ku Masasa kutsetsereka kokhako n'kokwanira kuti dalaivala wanzeru aime kumtunda. M'kati mwa msika musanene, nsungwi inalephera pa mzere woyamba.

Sitigwetsa mipanda ya anthu, si ntchito yathu. Chimene taphunzira n'chakuti galimoto izidzaima patali ndipo madzi azidzayenda ndi mapayipi. Payipi imodzi imatalika mamita cha m'ma 25, ndiye nyumba ili mamita 200 kuchokera pamsewu ikufuna mapayipi asanu ndi atatu pa mzere umodzi wokha. Tapempha kuti makabati onse abwere odzaza mapayipi, ngakhale ogwiritsidwapo ntchito, bola anapimidwa kuti sakudontha. Mapu amene tajambula tidzawapereka kwa ozimitsa moto, kaya galimoto ibwera kaya ayi.

Pakati pa Ogasiti

Uthenga wosakondweretsa. Achemwali aimba usiku kunena kuti akuluakulu a mzinda uja akuganiza zotumiza magalimoto onse ku okushoni. Nawonso bajeti yawathina, ndipo pali makhansala amene akufunsa chifukwa chopereka kwaulere katundu wogulidwa ndi misonkho ya anthu awo pamene angapezepo ndalama. Ena m'gulu mwathu akwiya, koma ine sindikuwaona olakwa anthuwo. Ngakhale kuno katundu wa boma satayidwa mwachisawawa, pali malamulo ake ndi bungwe la PPDA loyang'anira zimenezo. Khansala amene akufunsa funso lotere akugwira ntchito imene anamusankhira.

Pa okushoni sitingapikisane. Kumabwera ogula magalimoto akale kuti akagulitse kunja, ena ofuna injini ndi giyabokosi basi, ena okaisandutsa galimoto yochitira malonda. Iwo amalipira tsiku lomwelo ndi ndalama ya kwawo.

Chimene tachita ndi kulemba kalata ina, yosadandaula ndi yosapemphetsa. Taikamo zithunzi za mipope imene tafukula, mapu a nsungwi aja, masamu a madzi, ndi dongosolo la amene adzakonze galimotoyo ikawonongeka. Aphunzitsi athu anaimasulira m'Chingerezi ndipo achemwali akaipereka pamanja. A tcheya atikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho pasapezeke wolengeza m'misika kuti galimoto yabwera. Amayi asungichuma atsimikiza kuti zikakanika, aliyense adzabwezeredwa ndalama yake molingana ndi malisiti, kupatula ngati msonkhano utagwirizana zogula kapampu konyamula kaja.

Kumayambiriro kwa Seputembala

Ayankha. Awiri aja apita ku okushoni, Scania aisiya kuti iperekedwe kwa ife. Makaniko wa kumeneko anauza alamu kuti chimene chinakhudza akuluakuluwo ndi mapu ndi zithunzi za mipope, poti makalata ambiri amene amalandira amangonena za umphawi, osanena mmene galimotoyo ikagwirire ntchito.

Apereka mfundo ziwiri zoti tikwaniritse chaka chisanathe: kalata yochokera kwa amene adzakhale mwini galimoto kuno, yovomera kuilandira, ndi umboni wakuti ndalama ya sitima ilipo. Tikalephera, nayonso ipita ku okushoni wotsatira.

Kumapeto kwa Seputembala

Za ulendo. Galimoto yotere siilowa m'kontena wamba, imakwera sitima zija zimene magalimoto amalowamo okha ndi matayala awo. Tayerekeza madoko, ndipo kwa ife a kumpoto Dar es Salaam ndiye yoyenera. Kuchoka kumeneko idzayenda yokha kudzera ku Morogoro, Iringa, Uyole ndi Tukuyu mpaka pa chipata cha Songwe, kenako Karonga, Chiweta, Ekwendeni, n'kulowa mu Mzuzu. Ndi makilomita oposa 1,000. Thanki idzakhala yopanda madzi njira yonse, kuti isalemere pa mapiri a Kitonga ndi pokwera Chiweta, ndiponso kuti dizilo asapite wambiri. Dalaivala tapeza, bambo wa ku Chibanja amene wayendetsa mathanki a mafuta njira imeneyi zaka zambiri, ndipo ine ndidzakhala naye ndi bokosi la zida.

Chimene chikutisowetsa tulo ndi ndalama yakunja. Sitima ndi doko salandira kwacha. Amene munali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mukudziwa mmene ndalama yosonkhedwa mwezi wathunthu imasungunukira usiku umodzi. Ndiye tagawana motere: abale athu a ku Britain, Ireland ndi Johannesburg asonkhe ya sitima ndi doko, ikhale komweko osabwera kuno, ndipo ife a kuno tisenze dizilo, matayala, mabatire, inshuwalansi ndi zolipira pa chipata. Mbali ya kuno yadutsa theka. Amayi a mumsika, amene amaponya pang'onopang'ono Lachisanu lililonse, ndi amene apereka gawo lalikulu kuposa magulu ena onse, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe.

Za msonkho, amene amadziwa za kasitomu atilangiza chinthu chimodzi mobwerezabwereza: pempho lililonse lokhudza msonkho lipite ku MRA ndi kuyankhidwa galimoto isanakwere sitima. Ikafika padoko mapepala asanakonzeke, tsiku lililonse limene yaima limalipiridwa, ndipo mphatso zambiri zathera pamenepo.

Pali zinthu ziwiri zimene eni galimoto a ku Britain anafuna kutiwonjezera koma tazikana mwaulemu. Choyamba ndi zigubu za thovu lozimitsira moto wa mafuta. Thovu lakale la mtundu umenewu limakhala ndi mankhwala a gulu la PFAS, amene sawola m'nthaka kapena m'madzi, ndipo ena mwa iwo analetsedwa pa mgwirizano wa mayiko wa Stockholm. Popeza sanathe kutitsimikizira kuti zigubuzo ndi za mtundu watsopano, tati zitsale. Chilichonse chothiridwa pansi mu Mzuzu chimatsikira kudambo kumene anthu amalima masamba ndi kutunga madzi. Tapemphanso kuti kathanki ka thovu ka m'galimotomo akatsuke isananyamuke. Chachiwiri ndi masilinda a mpweya opumira mu utsi. Ndi zida zopulumutsa moyo, koma zimadzazidwa ndi kompuresa yapadera yofika 300 bar ndipo zimayenera kupimidwa pakapita zaka zingapo. Tawauza kuti tidzawalandira pokhapokha ozimitsa moto athu atatsimikiza kuti akugwirizana ndi zida zimene ali nazo kale. Zipewa, majekete, magolovesi ndi nsapato talandira ndi manja awiri.

Okutobala

Kwatentha, udzu wauma, ndipo madzulo utsi ukuoneka cha ku Chikangawa. Mwezi uno ndi umene umatikumbutsa chifukwa chake tinayamba.

Msonkhano wapitawu unathera pa funso la umwini. Amalonda ena akuti popeza iwo ndi amene asonkha kwambiri, galimoto izikhala pafupi ndi msika ndipo makiyi azisunga komiti. Maganizo awo ndikuwamva, anapsa ndi iwowo. Koma sindikugwirizana nawo, ndipo ndinanena pamaso pawo. Galimoto ya moto imafuna anthu ophunzitsidwa okhala pafupi nayo usana ndi usiku, oidzutsa m'mawa uliwonse, oyesa pampu sabata iliyonse, odziwa kuti moto wa magetsi suthiridwa madzi mawaya asanazimitsidwe. Ntchito yozimitsa moto mumzinda ili m'manja mwa khonsolo, ndipo galimotoyi iyenera kupita kumeneko, izikazima moto ku Chibavi, ku Katawa ndi kumsika mofanana. Komiti ikasunga makiyi, tsiku lina moto udzabuka wosunga makiyi ali kumaliro ku Mzimba.

Chimene ife tingasunge ndi mgwirizano wolembedwa. Tamaliza kulemba zimene tikufuna zikhalemo: kuti galimoto isagwiritsidwe ntchito yothirira maluwa kapena kugulitsa madzi ku malo omanga, kuti thanki ya dizilo isatsike kupitirira theka ngakhale nthawi ya mizere pa mafilingi siteshoni, kuti buku la sevisi lipitirire kulembedwa monga ankachitira eni ake akale, ndi kuti gulu lathu liziloledwa kuona bukulo kawiri pachaka. Ifenso tadzimanga: magalaja atatu a ku Luwinga avomera kugwira ntchito ya manja kwaulere zaka ziwiri zoyamba, ndipo kagawo ka ndalama zosonkhedwa katsala m'thumba la masipeya, sikadzakhudzidwa ngakhale pa mwambo wolandira galimoto. Zokambirana ndi maofesi zikuyenda m'njira yake, ndipo ndidzalemba zotsatira zikasainidwa, osati kale.

Zimene zatsala ndi izi. Kalata yovomera kulandira galimoto. Yankho la za msonkho. Gawo lotsala la ndalama ya kuno, makamaka ya matayala awiri akutsogolo, amene tagwirizana kuti tikagule ku Dar galimoto ikangotsika m'sitima. Makaniko wa ku Britain uja wadzipereka kujambula vidiyo yosonyeza kayendetsedwe ka pampu kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa, ndipo adada athu adzaiona kaye kuti aone pomwe pakusiyana ndi zimene anyamata a kuno anazolowera. Tikufunanso munthu wa makina osemera zitsulo amene angatipangire cholumikizira chimodzi cha mkuwa, poti pa mipope iwiri imene tinayeza mano ake ndi osiyana ndi ena onse. Miyeso ili ndi ine ku galaja.

Msonkhano wotsatira ndi Loweruka masana, malo omwe aja. Amene munapereka ndalama kudzera pa foni ndipo simunalandire lisiti, bwerani ndi uthenga wotsimikizira kuti amayi asungichuma akulembeni m'buku. Achinyamata a utoto wachikasu akumana m'mawa wake pa depoti, aliyense ndi khasu.